Wicked gulani, koma likhale lanu

Achemwali, mwati mtsikana wanu wa zaka 13 anaikonda kwambiri filimu ya Wicked ya 2024 ija, ndiye mukufuna kumugulira buku lake kuti muziwerengera limodzi. Bukulo gulani ndithu, koma muwerenge nokha. Mwanayo adikire kaye.

Filimuyo inatengedwa ku sewero la nyimbo lomwe linayamba ku Broadway, dera la zisudzo la ku New York, mu 2003, ndipo seweroli linafewetsa zambiri. Buku lenileni la Gregory Maguire, lomwe linatuluka mu 1995, ndi la akuluakulu. Muli za kuchipinda zosabisa, kuphana komanso ndale zolemera. Doctor Dillamond, mbuzi yolankhula ija yophunzitsa pa yunivesite ya Shiz, m'filimu amangomugwira n'kumutulutsa m'kalasi. M'buku amamupeza atafa, wina atam'cheka pakhosi.

Koma inuyo musaliphonye. Maguire anatenga mfiti ya m'nthano ya L. Frank Baum ya 1900, The Wonderful Wizard of Oz, yomwe inalibe ngakhale dzina, n'kuipatsa mayi, bambo ndi ubwana. Dzina loti Elphaba analipanga kuchokera ku zilembo zoyamba za dzina la Baum yemweyo. Mwanayu anabadwa wobiriwira, ali ndi mano akuthwa, madzi akamukhudza amamuotcha, ndipo bambo ake omwe anali mlaliki ankaona ngati ndi chilango.

Chomwe chinandigwira mtima ndi nkhani ya nsapato. Tonse timadziwa kuti mfitiyo inkalondalonda Dorothy, mtsikana wa m'nthano ya Baum ija, chifukwa cha nsapato, ndipo timati ndi dyera. Apa mumapeza kuti nsapatozo bambo awo anapatsa mng'ono wake Nessarose, Elphaba osamupatsa kanthu. Nessarose atafa, Glinda, mnzake wa Elphaba wa ku Shiz, anangozipereka kwa Dorothy, mlendo wodutsa. Nditafika pamenepo ndinatseka buku kaye, chifukwa ndinakumbukira maliro ena omwe abale anakanganirana chitenje chimodzi cha malemu, ndipo aliyense ankadziwa kuti nkhani sinali chitenjecho. Ngakhale madzi omwe anapha Elphaba aja, Dorothy anamuthira pofuna kuzimitsa moto womwe unagwira zovala zake.

Pakati pa buku nkhani imayenda pang'onopang'ono, makamaka Elphaba akapita ku nyumba yachifumu ya Kiamo Ko kukapepesa kwa Sarima, mkazi wa Fiyero (Fiyeroyo anali chibwenzi cha Elphaba), koma Sarimayo n'kukana kumumvera. Pirirani, musalumphe masamba. Dorothy naye amafika kumapeto kwenikweni.

Mtsikanayo mupezereni Heartless la Marissa Meyer, la 2016, lomwe linalembedwera achinyamata. Limafotokoza mmene Catherine, mtsikana wokonda kuphika makeke yemwe ankangofuna kutsegula bekale yakeyake, anasandukira mfumukazi yodula anthu mitu ya mu Alice in Wonderland. Mathero ake ndi omvetsa chisoni, choncho akamayandikira kumapeto mukhale naye pafupi.