Ayi asisi, mnzanuyo sanaferedwe

Ndalandira imelo kuchokera kwa asisi ena amene akugwira ntchito ku Doha, akuti mnzawo wa kuntchito, mmwenye wa ku Kerala, wangoyamba kuvala zakuda zokhazokha, ndevu osameta, nyama wasiya, ndiye akufunsa kuti kodi kwawo kwagwa zovuta, akapepese?

Musapepese asisi, palibe maliro apa. Mkuluyo akukonzekera ulendo wa ku Sabarimala, kachisi wa Ahindu wa mulungu wawo Ayyappa, ali pamwamba pa phiri mkatikati mwa nkhalango ya Periyar, m'boma la Pathanamthitta. Munthu asananyamuke amadika masiku 41, iwo amati vratham, mowa ayi, fodya ayi, nyama ayi, za m'nyumba ayi olo akhale wapabanja, ambiri ndi nsapato zomwe savala. Akangovala m'khosi mkanda wosonyeza kuti wayamba vratham anzake amamuitana kuti Swami, kaya ndi bwana kaya ndi wosesa dzina ndi lomwelo, ine ndi chimene chimandisangalatsa kwambiri pa mwambo wonsewu.

Tsiku lonyamuka amasenza irumudi, kathumba ka mbali ziwiri, kutsogolo zopereka kumbuyo kamba wapaulendo, ndipo muzoperekamo mumakhala kokonati yoboola, madzi anachotsamo n'kuthiramo mafuta a ghee, ochokera ku mkaka, oti akathire pa chifaniziro cha Ayyappa. Amasamba mumtsinje wa Pamba kenako chitunda cha makilomita pafupifupi 5, kumapeto kuli masitepe opatulika 18, ndipo opanda irumudi pamutu samuloleza kuponda pamenepo. Odzera ku tauni ya Erumely amayamba alowa mu mzikiti wa Vavar, Msilamu amene amati anali bwenzi la Ayyappa. Eee, Ahindu mu mzikiti.

Nyengo yaikulu imayamba pakati pa Novembala mpaka chikondwerero cha Makaravilakku cha m'ma 14 Januwale, anthu amakhala ngati nyerere, moti mu 2011 oposa 100 anafa popondana ku Pullumedu akuchokera kumwambowu.

Koma nkhani ya azimayi muziyifunsa mosamala. Azaka 10 mpaka 50 ankaletsedwa kukwerako poti Ayyappa ndi wosakwatira, khoti lalikulu la India linathetsa chiletsochi mu 2018, awiri atalowa mu Januwale 2019 ku Kerala kunabuka ziwawa, mpaka pano ena zimawawawa.

Ndiye nkhuku ya Khirisimasi ija musamukakamize. Akabwerako mum'funse aravana, phala lotsekemera la mpunga limene amagula kukachisiko m'tizitini, ambiri amatengerako anzawo.