Yankho kwa azakhali pa za adokotala a pa sikirini

Azakhali, ndamva funso lanu lija, loti bwanji nthawi ya mliri adokotala ku casualty amayankhula ndi wodwala pa vidiyo mmalo molowa, kodi sikumuthawa kumeneko? Ayi ndithu azakhali, ine ntchito yanga ndi ya momwemo ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira.

Wodwala mmodzitu timamulowera kambirimbiri pa tsiku, wina kukafunsa mmene anayambira kudwala, wina kukamuyeza, wina kungokayankha kafunso, ndiye ulendo uliwonse uvale gauni, masiki, magolovesi, chotchinga kumaso, potuluka uvule zonse ndipo zambiri nzotaya, nchifukwa chake mu 2020 nthawi ya Covid zinkasowa dziko lonse lapansi. Komanso povula paja ndi poopsa zedi, munthu watopa, thukuta lili kamukamu, dzanja langokhudza diso basi watenga. Nthawi ya Ebola ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone, 2014 mpaka 2016, azaumoyo oposa 800 anadwala, oposa 500 anamwalira. Nanga nesi akagona, odwala ake awaone ndani?

Ndiye timaika tabuleti, chifoni chachikulu chija, pafupi ndi bedi, adokotala ali chipinda china akufunsa, akuona kapumidwe, kaya munthu akumaliza mawu kapena akudukiza ndi wefuwefu, kachipangizo ka pachala kaja kakuonetsa okosijeni. Ngakhale dokotala amene ali pa kwarantini kunyumba koma akupeza bwino amathandizabe. Ndipo chimene chimandikhudza ine nchakuti pa sikirini wodwala amaona nkhope yonse, osati maso okha pamwamba pa masiki, okalamba ovutika kumva aja amatsata milomo, mtima nkukhala pansi.

Koma eee sikuti zonse zimathera pamenepo ayi. Dilipi, kutenga magazi, kulowetsa chubu chopumira, mtima ukaima, timavala nkulowa mothamanga. Netiweki ikadula kapena wodwala wasokonezeka mutu timalowanso, ndipo tabuleti nayo timaipukuta ndi mankhwala wodwala aliyense akachoka.

Ndiye mukadzakumana nazo musadzaope azakhali, mudzanene zonse zimene mukumva mthupi, ndipo mukadzaona kuti mukubanika mudzanene pompo osadikira kuti akufunseni, wina alowa.