Achemwali, pepalalo lisasainidwe musanagwire calculator

Achemwali, K10 miliyoni imene bambo akunyumba akufuna kukongola kubanki kuti agule galimoto ya Toyota Sientayo, musalole kuti asaine nonse awiri musanakhale pansi n'kuwerengera. Ndaona ena muno akuti galimoto ndi chitukuko, tengani basi. Anthu amenewo sadzakhalapo pa 25 malipiro akamadulidwa.

Tiyerekeze kuti banki yakupatsani chiwongoladzanja cha 30 peresenti pachaka, kubweza zaka zinayi. Mwezi uliwonse muzipereka pafupifupi K360,000. Pa ndalama imeneyo, mwezi woyamba K250,000 ndi chiwongoladzanja chokhachokha, imene yachotsa ngongole yeniyeni ndi K110,000 basi. Chaka chikatha mwapereka K4.3 miliyoni, koma mukapita kukafunsa balansi adzakuuzani kuti kwatsala pafupifupi K8.5 miliyoni. Anthu amakangana ndi a pakauntala poganiza kuti kompyuta yalakwitsa. Sinalakwitse, ngongole imayenda choncho, chiwongoladzanja chimadya koyambirira. Pomaliza zaka zinayi mwalipira K17.3 miliyoni pa galimoto ya K10 miliyoni. Ndipo imeneyo ndi ya reducing balance, imene chiwongoladzanja amachiwerengera pa ngongole yotsala yokha. Mabungwe ena ang'onoang'ono obwereketsa amawerengera flat, kutanthauza kuti 30 peresentiyo amaiwerengera pa K10 miliyoni yonse chaka chilichonse ngati simunabwezeko kalikonse. Pamenepo mulipira K22 miliyoni. Nambala papepala ndi yofanana, 30, koma kusiyana kwake n'pafupifupi K5 miliyoni, ndipo wokusainitsaniyo sadzakuuzani pokhapokha mutamufunsa mwachindunji. Izi zimandikwiyitsa kwambiri, chifukwa amadziwa bwino kuti munthu amene wabwerayo maso ake ali pa makiyi.

Chinanso chimene amadumpha n'chakuti ngongole zambiri za mabanki kuno si zokhazikika, zimatsatira reference rate, mlingo umene mabanki amayambirapo poika chiwongoladzanja, ndipo umasintha policy rate ikasintha. Policy rate, chiwongoladzanja chimene Reserve Bank imabwereketsera mabanki, inali pa 12 peresenti mu 2021, pofika 2024 inali pa 26. Amene anasaina mu 2021 anangoona ndalama yodulidwa ikukwera, kapena miyezi yobwezera ikuwonjezeka, malipiro ali pomwepo. Onjezani arrangement fee imene amadula ndalama isanafike m'manja, ndi inshuwalansi ya ngongoleyo.

Tsopano galimotoyo. Ngati mukuitanitsa ku Japan, mtengo umene mukuona pa intaneti nthawi zambiri ndi wofikitsa pa doko la Dar es Salaam basi. Kuchokera apo pali zolipira padoko, agent wa ku Tanzania, dalaivala ndi mafuta a ulendo woposa makilomita 900 kudzafika kumalire a Songwe, kenako msonkho wa MRA umene umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Yakale kwambiri imaoneka yotchipa pogula koma msonkho wake umaluma. Ndipo zonse zakunjazo n'za madola. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Panali anthu amene galimoto zawo zinali panyanja nthawi imeneyo. Ndalama yoombolera imene anasunga inaperewera m'tsiku limodzi lokha, galimoto inakhala kumalire ikuwerengeredwa storage tsiku ndi tsiku, banki nayo yayamba kale kudula. Kulipira ngongole ya galimoto imene simunaikwerepo! Apa mpamene anthu amathamangira kwa akatapila, K100,000 ubweze K150,000 mwezi ukatha, ndipo dzenje lachiwiri limakumbidwa loyamba lisanakwiriridwe.

Ma agent ena ndiye ndisayambe. Amalandira ndalama yonse ya msonkho, n'kulipira theka, kapena kulembetsa chaka chabodza kuti msonkho utsike, mapepala akadzagwidwa mlandu ndi wanu. Msonkho lipirani nokha ndipo lisiti la MRA likhale m'manja mwanu. Ku Road Traffic nakonso madobadoba akudikirani pageti. Pitani nokha pakauntala, mutaya tsiku koma blue book idzatuluka yoona.

Ikafika pakhomo, walira mvula walira matope. Banki sidzalola inshuwalansi ya third party, yolipira anthu ena okha amene mwawaonongera, idzafuna ya comprehensive, yolipiranso galimoto yanu, chaka chilichonse mpaka ngongole ithe, ndipo imeneyo imawerengeredwa pa mtengo wa galimoto. COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ikufunika. Mafuta, tiyerekeze makilomita 30 patsiku kupita kuntchito ndi kusiya ana kusukulu, m'tauni galimoto ya 1500cc ikuyenda makilomita 12 pa lita, kuphatikiza kutchalitchi ndi kumaliro, simutsika malita 80 pamwezi. Pa mtengo wa mu 2024 wa K2,530 pa lita imeneyo inali kale K200,000. Chulukitsani malitawo ndi mtengo wa lero wa MERA, bungwe loika mitengo ya mafuta, ndipo kumbukirani masiku a mizere pamene mafuta amagulidwa m'zigubu pa mtengo wowirikiza. Sevisi makilomita 5,000 alionse, oyilo ndi fyuluta. Matayala ambiri obwera nawo kuchokera ku Japan amakhala okalamba kapena a nyengo ya chisanu, pa phula lotentha la mu October sachedwa kutha, ndiye anayi atsopano muwaike mu bajeti ya chaka choyamba. Misewu yathu imadya ma shock, ma bush, ma ball joint ndi ma tie rod end, dzinja limodzi lokha kutsogolo kwayamba kugogoda. Choopsa kwambiri ndi giyabokosi. Ma Sienta, Vitz, Note ndi Fit ambiri ali ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, imafuna oyilo wakewake. Makaniko wapansi pa mtengo akathiramo ATF wamba, oyilo wa magiyabokosi ena a automatic, pakapita miyezi ingapo imayamba kunjenjemera ponyamuka, kenako kulira, kenako yaima. Kugula ina ndi ndalama ya miyezi ingapo ya malipiro, ndipo banki sifunsa ngati galimoto ikuyenda kapena ili pa miyala.

Mwanena kuti bambo akuti idzadzibwezera yokha chifukwa izidzanyamula anthu. Mawu amenewa agwetsa mabanja ambiri. Kuti inyamule anthu mwalamulo pafunika nambala yofiira, chilolezo chonyamulira anthu, dalaivala wa mapepala oyenera, ndi inshuwalansi ya galimoto yamalonda. Mukanyamula anthu olipira pa inshuwalansi ya private n'kuchita ngozi, kampani ikhoza kukana kulipira, ndipo mwatsala ndi chiphakasa, ngongole, ndi anthu ovulala akufuna chipukutamisozi. Dalaivala mukamupatsa target ya patsiku, iye amafuna yake pamwamba, ndiye galimoto ya anthu 7 imanyamula 10 ndi matumba a makala kumbuyo. Sabata yoyamba ndalama imabwera yokwana. Mwezi wachitatu nkhani zimayamba, lero apolisi anandigwira, lero tayala linaphulika, lero kunalibe mafuta. Werengerani masiku 20 ogwira ntchito pamwezi, osati 30, muchotsepo sevisi imene tsopano ikubwera pafupifupi mwezi uliwonse, muone ngati K360,000 ikutuluka.

Tsiku loipa limabwera motere. Mwezi woyamba mwalephera, foni imalira, mawu aulemu. Wachiwiri kalata, ndipo chilango chawonjezedwa pa zotsalirazo. Wachitatu nkhani yapita kwa maloya, ndalama za maloyawo zalembedwa pa inu. Kenako m'mawa wina ana avala yunifolomu, zikwama zili kale kumpando wakumbuyo, pageti pagogodedwa. Anthu ali ndi mapepala. Amakupatsani mphindi zochepa kuti muchotse zanu, ndiye mayi ali kalikiliki kutulutsa chitenje, ambulera, Baibulo, botolo la madzi la mwana, anthu oyandikana nawo aima m'mipanda akuyang'ana. Mwana amafunsa kuti galimoto yathu ikupita kuti, bambo alowa m'nyumba osayankha. Koma chopweteka chenicheni chimabwera pambuyo. Galimoto imagulitsidwa pa okushoni, pa mtengo wothamangitsa, osati wa pamsika. Pa ndalamayo amayamba achotsa zolipira olanda, malo osungira, wogulitsa ndi maloya. Ikaperewera, yotsalayo ikadali ngongole yanu. Munthu akupita kuntchito pa minibasi koma malipiro akudulidwabe chifukwa cha galimoto imene wina akuyendera. Dzina lalowa ku credit reference bureau, kumene amasunga mbiri ya mmene anthu amabwezera ngongole, mawa mukafuna ngongole ya fizi kapena ya feteleza zitseko zatsekeka. Ndipo ngati munasainira ngati guarantor, wolonjeza kubweza wokongolayo akalephera, achemwali, akubwera kwa inu. Ngati chikole chinali mapepala a puloti, ndiye musandifunse. Puloti kapena nyumba isakhale chikole cha chinthu choyenda pamsewu, zivute zitani. Chimandiwawa n'chakuti wokusainitsani uja, amene ankaimba foni katatu patsiku kuti bwerani ndalama yatuluka, nthawi imeneyi foni yanu sayankhanso.

Mukaona kuti zayamba kuthina, musabisale. Pitani kubanki mwezi woyamba womwewo, pemphani kuti akuwonjezereni nthawi, kapena akuloleni mugulitse nokha galimotoyo mubweze. Kugulitsa nokha kumabweretsa ndalama yambiri kuposa okushoni.

Komabe sindinganame kuti galimoto ndi yoipa. Mwana akatentha thupi 2 koloko usiku, kabaza simumupeza. Ndipo kuno zinthu zimayenda mosiyana ndi zimene alangizi a zachuma akunja amanena zoti galimoto imatsika mtengo ikangotuluka pageti. Amene anagula kwacha isanagwe mu 2023, ambiri akanatha kugulitsa pa makwacha ochuluka kuposa amene anagulira, pamene ngongole yawo inakhalabe ya makwacha akale. Kusunga ndalama mu akaunti zaka zitatu kuti mudzagule cash nakonso n'kuthamangitsa mthunzi, mtengo umathawa kuposa mmene mukusungira. Ndiye ngati kuntchito kwa bambo kuli ngongole ya ogwira ntchito ya chiwongoladzanja chotsika, kapena muli mu SACCO imene mitengo yake ili pansi pa ya banki, tengani, musachedwe n'komwe. Koma tsitsani mtima pa Sientayo. Mira ya 660cc kapena Passo ya 1000cc ikufikitsani komweko ndi mafuta ochepa. Perekani theka kuchokera m'thumba, kongolani theka, zaka zisapitirire zitatu. Ngongole, mafuta, inshuwalansi ndi sevisi mukaziphatikiza zisadye kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama imene nonse awiri mumabweretsa pakhomo, lendi ndi fizi zisakhudzidwe. Sungani padera ndalama ya miyezi itatu yobwezera musanatenge makiyi.

Mukagula ya pompano, pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Ailize injini ili yozizira, ayang'ane pansi ngati pakudontha oyilo, aone chitsulo cha chassis ngati chinawotcheredwapo. Nambala ya chassis ifanane ndi ya pa blue book, ndipo mupite limodzi ndi mwini wake ku Road Traffic kukasintha umwini tsiku lomwelo, chifukwa pali ogulitsa galimoto zimene zili kale chikole kwina. Ku banki pemphani repayment schedule, ndondomeko ya kabwezedwe, yosindikiza ya miyezi yonse, funsani ngati ndi flat kapena reducing, ngati chiwongoladzanjacho chimasintha, ndiponso ngati pali chilango mukafuna kumaliza msanga. Pepalalo mubwere nalo kunyumba, mugone nalo masiku awiri, ndipo muwerenge inuyo, osati bambo okha.