Musagule zidutswa za mabotolo zogaya kale

Achimwene, mankhwala osungunulira mabotolo apulasitiki amene mukufunsawo amagwiradi ntchito, koma amene angakugwetseni ndi wokugulitsani mabotolowo. Ine ndi mnzanga amene anaphunzira chemistry tinayesa njira ya glycolysis, yomwe zidutswa za PET (pulasitiki ya mabotolo a madzi ndi zakumwa) zimaphikidwa m'mankhwala amadzimadzi otchedwa ethylene glycol pa madigiri pafupifupi 190 Celsius, n'kuthiramo mankhwala a zinc acetate pang'ono kuti pulasitiki iphwanyike msanga. Zikayenda bwino, mukasefa ndi madzi otentha n'kuziziritsa, mumapeza timibulu toyera totchedwa BHET, tomwe amapangiranso pulasitiki yatsopano.

Ifeyo tinagula matumba a zidutswa zogaya kale kwa bambo wina amene analumbira kuti munali PET yokhayokha. Titazithira m'madzi, za zivindikiro zinayandama, zina zonse zinamira, ndipo mitima inakhala pansi poti PET imamira. Koma PVC, yomwe ndi pulasitiki ya mtundu wina, nayonso imamira, ndipo iye anali ataisakanizamo kuti matumba alemere pasikelo. Poto atatentha, ethylene glycol uja anayamba kufiira, kenako anada bii, ndipo m'chipinda munadzaza fungo loluma m'mphuno ndi kukhosi. Mnzangayo anazimitsa moto akutsokomola, maso ali psuu, ine ndikukankha zenera lomwe linkakana kutseguka. PVC ikatentha imatulutsa mpweya wa hydrogen chloride, ndipo zinc yemwe tinkadalira uja ndi amene amafulumizitsa kuwonongeka kwake. Kutacha tinapeza phala lakuda lomata pansi pa poto, zitsulo zonse zapafupi zitachita dzimbiri, glycol amene tinagula ndi ndalama zangongole atawonongeka yense. Titabwerera kwa bamboyo, anatiyankha mopanda manyazi kuti botolo ndi botolo, ndipo sanabweze ngakhale tambala. Munthu wotereyo akanatha kutipha, koma mpaka lero akugulitsabe.

Kunena zoona, ntchitoyi ndi ya makampani akuluakulu monga Eastman ya ku Kingsport ku America, yomwe imagwiritsa ntchito methanol, kapena Carbios ya ku France, yomwe imadalira ma enzyme, ndipo ndingakonde mutaisiya. Komabe ngati mwatsimikiza kuyamba, muzigula mabotolo athunthu kwa amayi otola, muziona nambala 1 pansi pa botolo, yomwe imasonyeza kuti ndi la PET, la nambala 3 ndi la PVC ndipo muziliika pambali, ndipo muzimatula zikutiro zonse zomata pa mabotolo chifukwa zina ndi za PVC. Muziphikira pamalo opita mphepo. Ethylene glycol ndi poizoni ngakhale amatsekemera, choncho mumutsekere pamene ana sangafike.