LM2596 ikudya batire chipangizo chili mtulo

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo. Wapanga kachipangizo koyeza kutentha m'khola la nkhuku pogwiritsa ntchito ESP32 (kakompyuta kakang'ono kokhala ndi WiFi), mabatire awiri a 18650 olumikizidwa motsatizana, ndi kabolodi ka LM2596 kotsitsa magetsi kufika pa 3.3V. Kachipangizoka kamadzuka kamodzi pa ola, koma mabatire sakufika ndi mwezi womwe. Akufunsa kuti agule regulator (kotsitsa magetsi) iti m'malo mwa LM2596.

Achimwene, munachita bwino kusatenga regulator ya linear. Imeneyo imasandutsa magetsi otsala kukhala kutentha, moti kuchoka pa 7.4V ya mabatire awiriwo kufika pa 3.3V mukanataya mphamvu yoposa theka. Regulator ya mtundu wa buck ngati LM2596 imayatsa ndi kuzimitsa magetsi ka 150,000 pa sekondi, inductor (kawaya kokulungidwa) n'kumasunga mphamvuyo, choncho zotayika n'zochepa.

Koma zimenezo zimagwira chipangizo chikamakoka magetsi ambiri. Chanu chimakhalira kugona. ESP32 ikagona tulo tofa nato imakoka pafupifupi 10µA basi (1000µA ndiye 1mA), pamene LM2596 payokha, isakudyetsa chilichonse, imadya pafupifupi 5mA usana ndi usiku. Tawerengani: 5mA kwa maola 24 ndi 120mAh pa tsiku. Mabatire a 2500mAh atha m'masabata atatu, ndipo kuwalumikiza motsatizana kumakweza ma volt okha, osati ma mAh. Mlonda akudya kuposa mwini nyumba.

Ndiye mukatsegula datasheet (chikalata cha wopanga chofotokoza regulator) musathamangire peresenti yaikulu ya mphamvu yosatayika yomwe amaika patsamba loyamba. Funani mzere wa quiescent current, wolembedwa Iq, ndiye kuti magetsi omwe regulator imadya payokha. MP1584, kabolodi ka buck kakang'ono kotchipa, Iq yake ndi pafupifupi 100µA ndipo imalandira 4.5V mpaka 28V, moti ilowa m'malo mwa LM2596 osasintha china. Ingoyambani mwaika 3.3V mukuyeza ndi multimeter (choyezera magetsi) musanalumikize ESP32, chifukwa kowongolera kake n'kosakhulupirika, mukakapotoza pang'ono magetsi alumpha.

Ine ndikanalumikiza mabatirewo mofanana, plus ku plus, onse ali pa mlingo umodzi, n'kukhala ndi 5000mAh pa 3.7V. Pamenepo TPS62840 ya Texas Instruments ndiyo yabwino: Iq yake ndi 60nA (1000nA ndiye 1µA), ndipo imapereka mpaka 750mA. Mchimwene wake TPS62740 musiyeni, amalekezera pa 300mA, pamene WiFi ya ESP32 imafuna regulator yotha 500mA. Vuto ndi lakuti timachipi timeneti n'tating'ono kwambiri, kuwotcherera ndi soldering iron wamba n'kovuta. Ikakukanikani kupeza, AP2112K ya 3.3V, ngakhale ndi linear, ikwanira: kuchoka pa 3.7V kufika pa 3.3V imataya pafupifupi 11 peresenti yokha, ndipo Iq yake ndi 55µA.

Ngati ESP32 yanu ili pa bolodi lokhala ndi USB, yang'ananinso pamenepo. Mabolodi ambiri otere ali ndi regulator ya AMS1117 yomwe nayonso imadya pafupifupi 5mA, kuphatikizapo kanyali ka LED kosazima. Lumikizani multimeter pakati pa batire ndi bolodi chipangizo chili mtulo, muone nambala yake musanagule kanthu.