Mwafunsa, Tayankha: Kuyenda Nokha ku Yucatán ndi Chikwama Kumsana

Makalata a mwezi uno akhudza dera limodzi, chigawo cha Yucatán m'dziko la Mexico. Kumeneko matauni akale a atsamunda a ku Spain, mabwinja a Amaya (eni dera kuyambira kalekale) ndi gombe la nyanja ya Caribbean zili moyandikana, moti munthu atha kuziona zonse pa basi popanda kubwereka galimoto.

Ndapatsidwa tchuthi cha masabata atatu ndipo ndege yanga ikatera ku Cancún. Ndili ndekha, ndalama n'zowerengeka, koma ndikufuna ndione matauni akale, mabwinja ndi nyanja. Ndiyambire mbali iti? — Mphunzitsi, zaka 29

Aphunzitsi, yambirani kumtunda, kunyanja mukamalizire. Ambiri akangotsika ndege amathamangira kugombe, amathako sabata yathunthu, ndipo pofika ku Mérida, mzinda wa kumtunda, amakhala akuwerenga makobili. Kugombe, ku Cancún, Playa del Carmen ndi Tulum, mitengo ya bedi, chakudya ndi takisi adaiika poganizira alendo obwera ndi madola. Kumtunda mumadya pamsika pomwe eni dera amadyera, pa mtengo umene iwonso amalipira. Gombe likakhala lomaliza mumafikako mukudziwa zotsala m'thumba, komanso muli pafupi ndi bwalo la ndege tsiku lobwerera.

Pabwalo la ndege takisi isiyeni. Pali basi ya kampani ya ADO yopita kudepoti ya m'tauni, ndipo pamenepo mupeza ya ku Valladolid, ulendo wa maola awiri ndi pang'ono. Mugoneko masiku atatu. Tauniyi, yomwe idakhazikitsidwa mu 1543, mumaizungulira wapansi, ndipo mabwinja a Chichén Itzá ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kumadzulo, a Ek Balam pafupifupi 30 kumpoto.

Ku Mérida mupatseko masiku anayi kapena asanu, chifukwa ndi komwe mudzamvetse kuti tauni ya atsamunda ndi bwinja la Amaya ndi nkhani imodzi. Francisco de Montejo adakhazikitsa Mérida mu 1542 pamwamba pa mzinda wa Amaya wotchedwa T'hó, ndipo tchalitchi chachikulu chomwe adamaliza mu 1598 chili ndi miyala yogumulidwa ku akachisi a mzindawo. Ku Izamal, tauni ya nyumba zachikasu yomwe mutha kupitako m'mawa n'kubwerako madzulo, nyumba ya ansembe ya San Antonio de Padua idamangidwa pa tsinde la piramidi, pomwe piramidi ina, ya Kinich Kakmó, idakali chiimire pakati pa nyumba za anthu. Nyumba zazikulu za mumsewu wa Paseo de Montejo ku Mérida zidamangidwa ndi ndalama za khonje, lomwe amalima anali Amaya omwewo m'minda ya eni chuma. Ndipo musamalankhule za Amaya ngati anthu amene adatha kalekale: oposa 700,000 amalankhulabe chinenero chawo cha ku Yucatán, ndipo mwina woyendetsa minibasi yanu ndi mmodzi wa iwo.

Kuchoka apo, Campeche masiku awiri akwana. Linga lake adayamba kulimanga mu 1686 atatopa ndi achifwamba a panyanja, ndipo mbali zina mutha kuyenda pamwamba pake. Ngakhale tauniyi ili m'mphepete mwa nyanja, posambira pabwino palibe m'tauni momwemo. Kenako Palenque, m'boma la Chiapas, maola asanu kapena asanu ndi limodzi pa basi, mabwinja a m'nkhalango yowirira momwe Alberto Ruz Lhuillier adapeza manda a mfumu Pakal mu 1952. Kuchokera kumeneko basi ya usiku, ya maola oposa 10, ikutulani ku Tulum.

Musaonjezere malo ena pamndandandawu. Kusamuka kulikonse kumadya tikiti, theka la tsiku, ndi chakudya chodula cha padepoti. Kuthamanga sikufika.

Ndamva za mabasi a mitundumitundu, ma colectivo komanso sitima yatsopano. Wandalama zochepa akwere chiti? — Wowerenga, zaka 41

Zimatengera kutalika kwa ulendo. Ukaposa maola atatu, kwerani basi ya kalasi yoyamba: mpando ndi wanu wolembedwa pa tikiti, muli chimbudzi, ndipo chikwama chikalowa pansi amakupatsani kapepala ka nambala komwe mumaonetsa potsika. Kapepalako musakataye. Mabasi a kalasi yachiwiri, monga Oriente ndi Mayab, ndi otsika mtengo koma amaima mudzi uliwonse, ndiye ulendo wa maola awiri umatha atatu kapena anayi. Colectivo ndi minibasi yonyamuka ikadzaza, ndipo ndiyo yabwino pa maulendo aafupi ngati wa Valladolid kupita ku Chichén Itzá. Khalani ndi ndalama zing'onozing'ono za 20 ndi 50 peso, chifukwa ya 500 peso dalaivala aikana kapena akuuzani kuti chenji palibe.

Sitima ya Tren Maya idayamba kuyenda mu Disembala 2023. Ndi yabwino kukweramo, koma masiteshoni ambiri ali kunja kwa matauni, choncho powerengera mtengo muphatikizepo ndalama yochokera kusiteshoni kukafika pakati pa tauni. Depoti ya basi nthawi zambiri ili m'tauni momwemo.

Zinthu ziwiri zimapweteketsa alendo. Choyamba ndi kuzizira: m'basi ya usiku makina oziziritsira amawatsegula mopanda chifundo, ndipo amene waika juzi m'chikwama cha pansi amafika m'mawa mano akugwedezeka. Chachiwiri ndi nthawi. Boma la Quintana Roo, komwe kuli Cancún ndi Tulum, lili patsogolo ndi ola limodzi kuyerekeza ndi Yucatán ndi Campeche, chaka chonse. Tikiti imalemba nthawi ya pamalo ponyamukira. Foni imatha kudzisinthira yokha mukakhala pafupi ndi malire, ndiye yerekezani ndi wotchi ya padepoti musanapite kukadya.

Anzanga akuti Chichén Itzá n'kungotaya ndalama, kuli anthu ngati pamsika. N'zoona? — Mnyamata wa ku yunivesite

Achimwene, anzanuwo ayenera kuti adafikako dzuwa lili paliwombo. Chipata amatsegula 8 koloko m'mawa, pomwe mabasi akuluakulu a alendo ochokera kugombe amayamba kufika cha m'ma 10 koloko kupita m'tsogolo. Amene wagona ku Valladolid n'kukwera colectivo yoyambirira amakhala ndi maola awiri oona malowo mwaufulu, ogulitsa ziboliboli asanamalize n'kuyala komwe. Ndi chifukwa chake tikuti mugone m'tauni yoyandikana ndi bwinja.

Mtengo wake ndi wowawadi, ndipo mlendo wakunja amalipira zigawo ziwiri: china cha bungwe la INAH lomwe limasamalira mabwinja a dziko lonse, china cha boma la Yucatán. Chimodzimodzinso ku mabwinja a Uxmal ndi Ek Balam. Tengani ndalama za m'manja zokwanira zonse ziwiri, poti makina a khadi amatha kukana netiweki ikavuta. Lamulungu lipeweni: nzika za Mexico zimalowa osalipira gawo la INAH, ndipo kumadzaza. Masiku a pa 20 ndi 21 Marichi, pomwe mthunzi wooneka ngati njoka umatsika pa masitepe a piramidi ya El Castillo, kumakhala chinamtindi cha anthu.

Piramidiyo ili ndi masitepe 91 mbali iliyonse mwa mbali zinayi, ndipo kuphatikiza nsanja ya pamwamba amakwana 365. Kukwera n'koletsedwa, ndipo wodumpha chingwe amatulutsidwa n'kulipitsidwa. Imani kutsogolo kwa masitepe n'kuwomba m'manja kamodzi, mumve mawu obwerera okhala ngati kulira kwa mbalame. Bwalo la mpira la pamenepo ndi lotalika mamita 168. Mthunzi ndi wochepa, choncho malita awiri a madzi ndi chipewa musasiye.

Ngati ndalama zikungokwana mabwinja awiri, ife tingasankhe Uxmal ndi Palenque. Uxmal ili makilomita pafupifupi 80 kumwera kwa Mérida, miyala yake ndi yosemedwa mwaluso kuposa kwina konse m'derali, ndipo anthu ndi ochepa. Vuto lake ndi mabasi: ndi owerengeka pa tsiku. Funsani nthawi ya basi yomaliza yobwerera musanachoke padepoti ya ku Mérida, ndipo mukonze zokwera yonyamuka yomalizayo isanakwane nthawi yake.

Ndine mayi ndipo aka n'koyamba kuyenda ndekha. Ndimaopa kuberedwa komanso kugona chipinda chimodzi ndi anthu osawadziwa. — Namwino, zaka 34

Mayi, Mérida, Valladolid ndi Campeche ndi ena mwa matauni abata kwambiri ku Mexico. Chosamala nacho ndi kuba kwa mwakachetechete, makamaka kugombe ndi m'mabasi. Mahositelo ambiri ali ndi zipinda za amayi okhaokha, ndiye muzifunsa zimenezo. Musanalipire onani ngati muli kabati yokhoma pa bedi lililonse, ndipo loko mubwere nayo yanu, ya manambala, chifukwa kiyi amatayika posambira.

Ndalama zigaweni patatu. Za tsikulo zikhale m'thumba losavuta kufikira, khadi limodzi ndi ndalama zina m'kachikwama ka m'kati mwa zovala, khadi lachiwiri ndi pasipoti m'kabati yokhoma. Makhadi awiriwo akhale a mabanki osiyana, kuti limodzi likatsekedwa musagone ndi njala. Potapa ndalama gwiritsani ntchito ATM ya m'kati mwa banki, masana. Makinawo akakufunsani ngati mukuvomera kuti akusinthireni okha ndalama pa mtengo umene aonetsa, kanani. Ndalama zituluka ndithu, ndipo banki yanu idzasintha pa mtengo wabwinoko. M'basi, kachikwama ka zinthu zofunika kakhale pamiyendo, osati pashelefu ya pamwamba kapena pansi pa mpando.

Konzani maulendo kuti muzifika m'tauni yatsopano kukuwala. Takisi zambiri za kugombe zilibe mita, choncho gwirizanani mtengo musanalowe. Kumalo omwera chakumwa chanu musachisiye patebulo n'kukavina. Munthu mmodzi kwanu azidziwa dzina la malo amene mwagona usiku uliwonse. Nambala ya pangozi ndi 911.

Chikwama chikhale chachikulu bwanji?

Cha malita 40, cholemera makilogalamu osaposa 8, kuti chilowe nanu m'ndege ndi pamiyendo mu colectivo. Malaya anayi opepuka, buluku lalitali limodzi, juzi imodzi ya m'basi, nsapato zotseka zoyendera pamiyala, masilipasi, thaulo louma msanga, tochi ya pamutu, ndi mankhwala othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET ya 20 mpaka 30 peresenti, popeza udzudzu wofalitsa matenda a dengue umaluma masana. Masoketi a magetsi ndi a timano tiwiri taphanthiphanthi ngati a ku United States, ndiye adaputa ndi yofunika. Zovala mumachapitsa m'tauni iliyonse pa mtengo wa pa kilogalamu.

Ndikufuna masiku angapo kunyanja. Ndi miyezi iti yabwino, nanga wosauka amasambira pati poti mahotela adatseka gombe? — Wowerenga, zaka 26

Nyengo yabwino ndi kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka Marichi, kupatula masabata a Khirisimasi, Chaka Chatsopano ndi Pasaka pomwe mitengo ya bedi imakwera kwambiri. Mu Epulo ndi Meyi ku Mérida kumatentha mpaka madigiri 40. Kuyambira Juni mpaka Novembala ndi nyengo ya anamondwe. Palinso ndere zofiirira zotchedwa sargazo, zomwe zimaunjikana pagombe la Caribbean makamaka pakati pa Epulo ndi Ogasiti. Zikayamba kuwola zimanunkha ngati mazira ovunda. Zikachuluka, pitani ku Bacalar, nyanja ya madzi opanda mchere komwe nderezo sizifika, kapena ku magombe a chilumba cha Isla Mujeres oyang'ana kumtunda.

Mwalamulo mamita 20 oyambira pomwe mafunde amalekezera ndi a boma, ndipo aliyense ali ndi ufulu woyendapo. Chovuta ndi polowera. Funsani pahositelo njira ya anthu onse yofikira kugombe, mutenge chakudya ndi madzi anu. Ku Tulum gonani m'tauni, osati m'mahotela a kugombe, n'kubwereka njinga. Mabwinja ake, omwe ali pa thanthwe lotalika mamita pafupifupi 12 pamwamba pa nyanja, ndi aang'ono ndipo ola limodzi ndi theka likwana.

Mbendera yofiira pagombe ikutanthauza ngozi, yakuda ndiye kuti kusambira n'koletsedwa. Madzi akayamba kukukokerani kukati musalimbane nawo molunjika kugombe, chifukwa ambiri amamira ndi kutopa kumeneko. Sambirani chopingasa, motsata gombe, mpaka mutatuluka mumkokomo, kenako n'kubwerera. Poti muli nokha, sambirani pamene pali wolondera ndipo foni ndi ndalama musazisiye pamchenga. Ku ma cenote, zitsime zachilengedwe za m'mapanga, ambiri amafuna kuti musambe kaye ndi kulowa osadzola mafuta oteteza kudzuwa. Kumtunda, monga cenote Zací ya m'kati mwa Valladolid, n'kotsika mtengo kuposa a kufupi ndi Tulum.

M'mimba mwanga simuchedwa kuvuta. Ndizidya chiyani?

Madzi a pampopi musamwe. Mahositelo ambiri ali ndi zigubu za malita 20 za madzi oyeretsedwa, muzidzaza botolo lanu pamenepo. Chakudya chachikulu muzidya masana, comida corrida, chomwe chimabwera ndi supu, mbale yaikulu ndi chakumwa pa mtengo umodzi. Pamsika, monga wa Lucas de Gálvez ku Mérida, sankhani pamene pali mzere wa eni dera ndipo akuphika mukuona. Cochinita pibil, nkhumba yophikidwa m'masamba a nthochi, ndi ya m'mawa; yotsala mpaka madzulo pa kutentha kuja ilekeni. Mukatsekula m'mimba, sungunulani masupuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi oyera, muzimwa pang'onopang'ono. Mukaona magazi, thupi likatentha kwambiri, kapena akadutsa masiku awiri osasintha, onanani ndi dokotala. Mafamasi ambiri ali ndi kachipinda ka dokotala pambali, pa mtengo wochepa.

Nanga viza?

Zimatengera pasipoti yanu, ndipo mapasipoti ambiri a mu Africa amafuna viza ya Mexico yotengeratu ku ofesi ya kazembe musananyamuke. Amene ali ndi viza yogwirabe ntchito ya United States, Canada, Japan, United Kingdom kapena ya mayiko a ku Ulaya a m'gulu la Schengen amaloledwa kulowa popanda ya Mexico, koma tsimikizani ndi ofesi ya kazembe musanagule tikiti. Ndege yodzera ku United States imafuna viza ya dzikolo ngakhale mukungosintha ndege. Pofika, wa zolowa ndi kutuluka ndiye amalemba masiku amene mukhale, osapitirira 180, ndipo atha kulemba ochepa. Muonetseni tikiti yobwerera ndi adiresi ya malo ogona oyamba, ndipo muwerenge nambala imene walemba musanachoke pawindo.