Atate ali ndi pacemaker, dzino lawola: kodi akazule?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Kapata, konkuno ku Chipata. Ndaifupikitsa, ndipo dzina ndabisa monga anapempha. Akuti: "Atate anga ali ndi zaka 71. Chaka chatha anawaika pacemaker ku Lusaka chifukwa mtima unkagunda mochedwa mpaka kumakomoka. Tsopano dzino lakumapeto lawola, tsaya latupa, usiku sagona. Achibale akuti akapita kukazula, makina a dokotala wa mano akazimitsa kamakina kawo. Amamwanso warfarin. Tichite bwanji?"

Mayi, pitani nawo atatewo kwa dokotala wa mano, ndipo musadikire kuti mwezi uthe. Pa zinthu zitatu zimene mwatchula, kamakinako ndi kamene kakundidetsa nkhawa pang'ono. Dzino lotupalo ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndizo zofuna maso.

Mantha a achibalewo ali ndi pochokera. Pacemaker imakhala pansi pa khungu, m'munsi mwa fupa lopingasa la paphewa, kawirikawiri kumanzere, ndipo timawaya take timadutsa mumtsempha mpaka kulowa mumtima. Ntchito yake yaikulu ndi kumvetsera. Mtima ukagunda wokha, iyo imakhala chete. Ukachedwa, imatumiza kamphamvu kochepa ka magetsi kuti ugunde. Tsono magetsi amphamvu ochokera kunja angathe kuipusitsa: imaganiza kuti yamva mtima ukugunda, n'kukhala chete pamene imafunika kugwira ntchito. Munthu amene mtima wake umadalira kamakinako pa kugunda kulikonse akhoza kuchita chizungulire kapena kukomoka. Si kuti kazima kapena kapsa ayi. Chosokonezacho akachizimitsa kapena kuchichotsa pafupi, kamabwerera pa ntchito yake.

Kwa owerenga amene ali ndi defibrillator yoika m'thupi, imene madokotala amaitcha ICD, kamakina komenya shoko mtima ukathamanga moopsa, vuto limatembenuka. Iyo ikamva phokoso la magetsi ingaganize kuti mtima wayamba kuthamanga moopsa, n'kumenya shoko pachabe. Amene anamenyedwapo amati zili ngati wakankhidwa mwamphamvu pachifuwa.

Nanga m'chipinda cha mano muli chiyani chimene chingachite zimenezi? Zochepa kwambiri. Zopanira zozulira dzino ndi chitsulo chabe, zilibe magetsi. Makina oboolera dzino, X-ray ya mano ndi kanyali kabuluu koumitsira zomatira dzino sizivutitsa ma pacemaker a masiku ano, amene amatsekeredwa m'kabokosi ka chitsulo cha titanium. Choyenera kusamala nacho kwenikweni ndi chipangizo chodula mnofu ndi kuwotcha mitsempha ndi magetsi kuti magazi aleke, makamaka cha mtundu wa monopolar, chimene magetsi ake amayenda m'thupi kukafika pa kachigamba komata pakhungu. Dokotala wodziwa kuti wodwala ali ndi kamakina amachisiya, n'kugwiritsa ntchito kampeni wamba ndi ulusi. Pozula dzino limodzi sichifunika n'komwe.

China ndi makina onjenjemera otsukira mano, ochotsa litsiro louma m'mbali mwa nkhama. Alipo a mitundu iwiri: ena amayendera mphamvu ya maginito, ena amatchedwa piezoelectric. Amene ankakayikiridwa kwambiri ndi a maginitowo. Nzeru yapafupi ndi yakuti chingwe chake chisagone pachifuwa pamwamba pa kamakina, chitalikire masentimita 15 kapena kuposa, ndipo ngati dokotala akukayika apale ndi zitsulo zapamanja monga ankachitira kale. Mtunda womwewo ndi umene atate anauzidwa za foni, nchifukwa chake sayenera kuiika m'thumba la malaya la kumanzere. Maginito ukaikidwa pamwamba pa pacemaker umaichititsa kugunda pa liwiro limodzi osamvetsera mtima, ndipo pa ICD umaimitsa kaye shoko. Madokotala a mtima amagwiritsa ntchito zimenezi dala pa opaleshoni zikuluzikulu, koma si zoti wina ayesere kunyumba.

Tsono zonsezi zimadalira kuti dokotala wa mano adziwe. Akuluakulu athu ambiri amati akapita ndi dzino amangonena za dzino, ngati mtima ndi nkhani ya kuchipatala china. Atate anapatsidwa khadi atawaika kamakinako, lolembedwa kampani imene inapanga, kaya Medtronic, Biotronik, Abbott kapena Boston Scientific, ndi tsiku limene anawaika. Litengeni, pamodzi ndi mapaketi onse a mankhwala amene akumwa. Mulankhule ndinu asanakhale pampando, chifukwa munthu dzino likumuwawa sakumbukira zambiri. Ngati muli ndi nambala ya kuchipatala cha mtima, dokotala wa mano angathe kuimba foni n'kufunsa ngati atate amadalira kamakinako kotheratu. Ulendo wa makilomita oposa 500 pa Great East Road ndi tsaya lotupa suyenera kuchitika chifukwa cha funso limene foni ingayankhe.

Tibwere pa warfarin, pamene mabanja ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino. Wina amati, "Lekani mapiritsi masiku atatu kuti magazi asadzatuluke kwambiri." Chonde musatero mwa inu nokha. Mapiritsiwo anawapatsa kuti magazi asaundane n'kukatseka mtsempha wa muubongo, ndipo sitiroko sitingaiyerekeze ndi bala la dzino limene thonje ndi ulusi zingatseke. Chofunika ndi kuyeza magazi kotchedwa INR, koonetsa mmene magazi akuchedwera kuundana, makamaka m'maola 24 asanazule. Kwa anthu ambiri a warfarin INR imafunika kukhala pakati pa 2 ndi 3, ndipo pamenepo dzino limazulidwa mankhwala osaleka. Ikafika pa 4 kapena kupitirira, amayamba akonza kaye mlingo. Pemphani nthawi ya m'mawa, kumayambiriro kwa sabata, kuti magazi akavuta madzulo chipatala chikhale chidakali chotsegula.

Akazula, alume thonje mwamphamvu kwa mphindi 30, asachukuche m'kamwa kapena kulavulalavula tsiku limenelo, ndipo phala lizizire kaye. Ululu ukabwera amwe Panado. Brufen, diclofenac ndi aspirin wongogula pakantemba zimawonjezera kutuluka kwa magazi kwa munthu wa warfarin. Palinso Flagyl, amene amaperekedwa kawirikawiri pa dzino la mafinya: amakweza mphamvu ya warfarin kwambiri, choncho wolemba mankhwala akumbutsidwe. Ngakhale ndiwo zimalowererapo. Repu, chibwabwa ndi bonongwe zili ndi vitamini K amene amafooketsa warfarin. Sindikuti asiye masamba, nanga nsima adyera chiyani? Angodya monga amadyera masiku onse, osasintha mwadzidzidzi.

Jakisoni wochititsa dzanzi alibe vuto ndi kamakina. Nthawi zambiri amakhala lidocaine wosakaniza ndi adrenaline pang'ono, ndipo kwa odwala mtima dokotala amachepetsa, kawirikawiri timabotolo tiwiri basi. Kupirira ululu popanda jakisoni ndiko kumathamangitsa mtima koposa.

Funso limene simunafunse, koma wina adzakufunsani: kodi amwe amoxicillin asanazule kuti kamakina kasagwidwe ndi tizilombo? Malangizo a 2007 a American Heart Association, bungwe la za matenda a mtima la ku America, saika pacemaker kapena ICD pa mndandanda wa ofunika kutero. Ofunika ndi monga amene anawaika valavu ya mtima yochita kupanga, kapena amene anadwalapo matenda a tizilombo m'kati mwa mtima. Apa mpamene ndikufuna mufufuze chifukwa chimene atate amamwera warfarin. Ngati ndi kugunda kosalongosoka kwa mtima chabe, safunika. Ngati anasinthidwa valavu, monga zimachitikira anthu amene mtima unawonongeka ndi matenda oyambira pa zilonda zapakhosi ali ana, amamwa magalamu 2 a amoxicillin kutatsala mphindi 30 mpaka 60 kuti azule. Mankhwala ochiza kutupa kumene kulipo kale ndi nkhani ina, adzaona ndi dokotala.

Achibale akapitiriza kuopa, auzeni za Arne Larsson wa ku Sweden, munthu woyamba kuikidwa pacemaker m'thupi mu 1958. Yoyambayo inagwira ntchito maola ochepa chabe. Anamusinthira kamakinako koposa ka 20, n'kukhala ndi moyo mpaka 2001, atamwalira kale dokotala amene anamuika ndi injiniya amene anaipanga.

Chomwe sichidikira ndi kutupako. Tsaya likatupa mpaka diso kuyamba kutsekeka, kapena kutupa kukatsikira pansi pa nsagwada, atate akamalephera kutsegula pakamwa kapena kumeza malovu, thupi likatentha, musayembekezere kuche: pitani nawo ku Chipata Central Hospital usiku womwewo. Ndipo m'masabata otsatira, pamene pali kamakinapo pakafiira, kutupa kapena kutuluka madzi, kapena malungo akamabwerabwera koma akayeza osapezeka, dziwitsani a mtima ku Lusaka tsiku lomwelo.